Odilon Redon, Wojambula Amene Anachedwa Kugwira Utoto

M'chaka cha 1840 m'dziko la France munabadwa ana awiri amene anadzatchuka pa luso lojambula zithunzi. Wina anali Claude Monet, uja ankanyamula utoto wake kupita nawo kumtsinje ndi kuminda kukathamangitsana ndi kuwala kwa dzuwa. Winayo anali Odilon Redon. Mpaka pamene ankayandikira zaka 50, pafupifupi chilichonse chimene Redon ankaonetsa anthu chinali cha makala kapena inki yakuda: maso opanda mwini, mitu yopanda matupi, akangaude okhala ndi nkhope za anthu. Komabe lero mukalowa m'nyumba zosungiramo zithunzi ku Paris, New York kapena Cleveland, dzina lomweli mulipeza pansi pa zithunzi zimene mitundu yake imachita ngati ikuyaka: buluu wozama, chikasu chonga golide, pepo ndi kufiira kwa maluwa, ndipo pakati pake pali munthu atakhala phee. Amene angoona zithunzi zomalizazi angaganize kuti mwini wake anali munthu wa chimwemwe chokhachokha. Sizinali choncho, ndipo bata limene lili m'zithunzizo silimveka bwino kwa munthu amene sadziwa kumene linachokera.

Redon anabadwira mumzinda wa Bordeaux pa 20 Epulo 1840. Dzina lake lenileni linali Bertrand, ngati la bambo ake, koma pakhomo ankamuitana Odilon potengera mayi ake amene ankadziwika kuti Odile, ndipo dzina la pakhomolo ndi limene linamukanirira. Bambowo anapeza chuma chawo ku Louisiana, ku America, dera limene nthawi imeneyo linkalemera ndi thukuta la akapolo, ndipo n'komwe anakwatira. Banjali linawoloka nyanja kubwerera ku France mayi ali oyembekezera. Mwanayo atabadwa sanakhalitse m'manja mwa mayi ake. Anamutumiza ku Peyrelebade, munda wa mphesa wa banjalo m'dera la Médoc, kuti akaleredwe ndi mlezi komanso wachibale wina wachikulire, pamene mkulu wake Ernest anatsala m'tauni ndi makolo. Anali mwana wodwaladwala. Akatswiri ena amene anafufuza mbiri ya banjali amati ankadwala khunyu, ndipo kuti kumuika kumundako kunali kubisa matendawo kuti anthu a ulemu wawo asadziwe. Manyazi otere pa khunyu sanali a ku France kokha, ndipo mpaka pano sanatheretu.

Médoc ndi dera lathyathyathya, lamchenga, la mitengo ya paini ndi madambo, pakati pa nyanja ya Atlantic ndi mathiriro a Gironde. Kulibe phiri lotchinga maso, choncho thambo limaoneka lalikulu kwambiri. Redon atakula ankakumbukira kuti ali mwana ankatha maola atagona chagada kuonerera mitambo, ndipo akalowa m'nyumba ankakonda kubisala kuseri kwa makatani ndi m'makona amdima. Sukulu anaiyamba ali ndi zaka 11. Ali ndi zaka 15 anayamba kuphunzira kujambula kwa Stanislas Gorin, mphunzitsi wa ku Bordeaux amene sanamukakamize kutsanzira wina aliyense. Ankaimbanso vayolini, ndipo nyimbo anazikonda moyo wake wonse.

Bambo ake ankafuna kuti mwanayo akhale wolemba mapulani a nyumba. Iye anamvera, koma mu 1862 analephera mayeso olowera ku École des Beaux-Arts ku Paris. Mu 1864 anayesanso njira ina, kukaphunzira kwa Jean-Léon Gérôme, katswiri wotchuka amene ankafuna kuti chilichonse chijambulidwe ndendende ngati mmene diso likuchionera, mzere uliwonse wotsekeka bwino. Awiriwa sanamvane ngakhale pang'ono, ndipo posakhalitsa Redon anabwerera kwawo. Kwa makolo ake, uyu anali mnyamata wa zaka 24 amene walephera kawiri.

Anthu awiri a ku Bordeaux ndi amene anamuumba. Woyamba anali Armand Clavaud, katswiri wa zomera, amene ankafufuza tizamoyo ting'onoting'ono tooneka pa maikulosikopu pokha, tija timavuta kunena ngati ndi zomera kapena nyama. Clavaud anamuwerengetsa mabuku a Flaubert, Baudelaire ndi Edgar Allan Poe, komanso zolemba za sayansi za nthawiyo, ndipo anamuphunzitsa kuyang'anitsitsa tsamba limodzi kwa nthawi yaitali. Wachiwiri anali Rodolphe Bresdin, wojambula wosauka kwambiri amene ankazokota zithunzi pa chitsulo n'kumazidinda papepala. Kwa iyeyu Redon anaphunzira kuti mtundu wakuda paokha ungathe kunena zambiri. Nkhondo ya France ndi Prussia itabuka mu 1870 analowa usilikali, ndipo itatha anakakhazikika ku Paris, koma chilimwe chilichonse ankabwerera ku Peyrelebade kukajambula.

Zithunzi za zaka zimenezi iye mwini ankazitcha noirs, kutanthauza zakuda. Muli kangaude wamiyendo khumi akumwetulira, muli wina akulira misozi. Muli chibaluni chimene ndi diso lalikulu, chikukwera kumwamba. Muli mutu wa munthu womera minga utadzalidwa mumphika ngati duwa. Munthu akamva mndandanda wotere angaganize za zithunzi zoopseza ana, koma mukaziyang'ana bwino, zilombo zimenezi sizikufuna kuluma aliyense. Zambiri zikuoneka zosungulumwa, ngati zinabadwa molakwika ndipo zikudziwa. N'kovuta kuziona osakumbukira mwana uja wobisala kuseri kwa katani. Mnzake wina, Henri Fantin-Latour, anamusonyeza njira yosamutsira chojambula pamwala wosalala kuti chidindidwe kambirimbiri, luso lotchedwa lithography, ndipo mu 1879 Redon anatulutsa mpukutu wake woyamba, Dans le rêve, kutanthauza m'maloto. Anali ndi zaka 39, ndipo anthu omudziwa anali owerengeka.

Kutchuka kunabwera kudzera m'buku la nthano. Mu 1884 Joris-Karl Huysmans anatulutsa buku lotchedwa À rebours, lonena za munthu wolemera wotopa ndi dziko amene anadzitsekera m'nyumba, ndipo pakhoma pake panali zojambula za Redon. Achinyamata olemba ndakatulo anayamba kumufunafuna. Iwowa ndi amene patapita zaka ziwiri anadzitcha ma Symbolist. Mfundo yawo inali yakuti ntchito ya luso si kukopera zimene maso akuona, koma kugwiritsa zinthu zooneka ngati chizindikiro cholozera ku zimene zili mumtima, zimene mawu wamba sazifikira. Monet akajambula mulu wa udzu, ankafuna kuti muone mmene dzuwa la madzulo likuugwera. Redon akajambula duwa, ankafuna kuti mumve chinachake chimene simungachitchule dzina. Anakhala bwenzi la mlakatuli Stéphane Mallarmé, anathandiza kukhazikitsa bungwe la ojambula oima paokha mu 1884, ndipo mu 1886 anaonetsa zithunzi zake zakudazo pa chionetsero chomaliza cha ma Impressionist, pakati pa anthu amene ankakhulupirira zosiyana kwambiri ndi zake.

Pakhomo zinthu zinali zitasintha. Mu 1880 anakwatira Camille Falte, wochokera pachilumba cha Réunion m'nyanja ya Indian, mkazi wakhama amene anatenga udindo wolankhula ndi ogula ndi osindikiza, ntchito imene mwamuna wake wamanyaziyo sankaitha. Mu Meyi 1886 anabereka mwana wawo woyamba, Jean. Mu Novembala chaka chomwecho mwanayo anamwalira, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Redon anali ndi zaka 46, ndipo imfayi inamusweratu mtima. Mwana wachiwiri, Arï, anabadwa mu Epulo 1889.

Chaka chotsatira, 1890, anajambula chithunzi chimene ambiri amachitenga ngati khomo lolowera m'zaka zake za mitundu. Dzina lake ndi Les Yeux clos, maso otseka. Ndi mutu ndi phewa la munthu zikutuluka pamwamba pa chinthu chonga madzi, maso ali otseka, utoto wake wopyapyala kwambiri moti nsalu ya pansi ikuonekera. Mitundu yake ndi yochepa: kutuwa, buluu wofwifwa, kufiirira pang'ono patsitsi. M'zithunzi zakuda zija, maso ankakhala otong'oka, akuyang'ana mwamantha. Apa atsekeka, ndipo nkhope yapuma. M'chaka chomwecho Clavaud, bwenzi lake lakale, anadzipha, ndipo chaka chotsatira Redon anatulutsa mpukutu wina wakuda pomukumbukira. Choncho tisafulumire kunena kuti mwana atabadwa mdima unatha tsiku lomwelo. Kwa zaka khumi zakuda ndi zamitundu zinkayendera limodzi.

M'zaka zimenezo anadwala kwambiri cha mu 1895, kenaka mu 1897 munda wa Peyrelebade unagulitsidwa pambuyo pa mikangano yaitali ya pachibale yokhudza chuma cha masiye. Kumeneko n'kumene ankajambulira zakuda zake zambiri. Kutayika kwa malowo kunamupweteka, koma kunamumasulanso. Umodzi mwa mipukutu yake yomaliza ya inki yakuda unatuluka mu 1899, ndipo ndi wa buku limene owerenga magazini ino amalidziwa bwino: zithunzi 12 za Chivumbulutso cha Yohane, zofalitsidwa ndi Ambroise Vollard. Muli uja wogwira nyenyezi zisanu ndi ziwiri, muli wokwera pakavalo wotuwa, mkazi wovala dzuwa, mngelo wonyamula unyolo ndi kiyi, ndi Yerusalemu watsopano. Redon sanazijambule ngati womasulira ulosi. Sanali munthu womangirira ku chiphunzitso cha mpingo, ndipo m'zaka zomwezo ankajambulanso Buddha ndi nthano za Agiriki. Chimene chinamukoka m'bukuli ndi chakuti limalankhula m'zizindikiro, ndipo limayamba ndi munthu ali yekha pachilumba akuona zimene ena sakuona. Itadutsa 1900, makala anawasiya.

Chimene anagwira m'malo mwake chinali utoto wa pastel, ndipo apa m'pofunika kuudziwa bwino chifukwa ndi umene ukufotokoza zambiri. Pastel ndi ufa wa utoto wosakanizidwa ndi ulimbo wochepa kwambiri, wongokwanira kuti ufawo ugwirane n'kukhala kamtengo konga choko cha m'kalasi. Safuna madzi, mafuta kapena bulashi. Wojambula amakhutiza kamtengoko papepala lokhakhala pang'ono, ufa n'kumatsalira m'timaenje ta pepalalo. Akafuna kuti mtundu ufewe amaufikisa ndi chala, akafuna kuti uwale amangosindikiza kamodzi n'kuusiya. Popeza mulibe mafuta oti aphimbe ufawo kapena kuuchititsa chikasu pakapita zaka, kuwala kumagwera pa timibulu ta utoto tosaphimbika n'kubwerera m'maso, ndipo n'chifukwa chake buluu wa pastel amaoneka wakuya kuposa wa utoto wamafuta. Tsono taonani: makala nawonso ndi ufa wouma wofikisa ndi chala. Dzanja limene linatha zaka zoposa 20 likuphunzira kutulutsa mithunzi yosiyanasiyana kuchokera ku mtundu umodzi wakuda silinafunike kuphunzira ntchito yatsopano. Linangopatsidwa timitengo tambiri m'malo mwa kamodzi.

Mu 1901 Redon anajambula Marie Escudier, mkazi wa Arthur Fontaine, mkulu wa m'boma woona za ntchito amene pambuyo pake anadzakhala wapampando woyamba wa komiti yoyendetsa bungwe la International Labour Organization. Banjali linali m'gulu la anthu okonda nyimbo ndi zojambula amene ankagula ntchito za Redon. Chithunzichi tsopano chili ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Mayiyo wakhala cham'mbali, wavala diresi lachikasu, mutu wawerama pang'ono, ndipo manja ali pa nsalu imene akusokapo maluwa. Momuzungulira muli maluwa ndi masamba amene akusungunukira mu buluu ndi nkhungu yoyererako.

Choyamba chimene diso limagwira ndi chikasucho, ndipo pali chifukwa chake. Katswiri wa sayansi Michel-Eugène Chevreul anali atalongosola kale mu 1839 kuti mitundu iwiri ikayandikana imasinthana maonekedwe, ndipo yotsutsana imakwezana: chikasu pambali pa pepo kapena buluu chimawala kuposa chikakhala pambali pa zoyera. Aliyense amene anasankhapo nsalu ziwiri zoti zivalidwe limodzi amazidziwa izi ngakhale sanamvepo za Chevreul. Ojambula ambiri a nthawiyo ankagwiritsa mfundoyi pofuna kutsanzira dzuwa. Redon anaigwiritsa mwina. M'chithunzichi simungaloze windo kapena nyale imene kuwala kukuchokera. Diresilo likuoneka ngati likudziwalira lokha, ndipo kuwalako kukuchita ngati kukuchokera kwa munthuyo kupita kunja.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa kajambulidwe m'chithunzi chimodzi chomwecho. Nkhope yajambulidwa mosamala, ndi mzere wowonda wotsata chipumi, mphuno ndi chibwano, moti abale ake akanamuzindikira msanga. Koma mukachoka pankhope kupita m'mbali, zinthu zimayamba kumasuka. Simuona khoma, simuona pansi, simudziwa ngati ali m'chipinda kapena m'munda. Maluwa ena ndi maluwa enieni, ena ndi madontho chabe a utoto amene diso lanu likuwasandutsa maluwa. Apa m'pamene pagona mtima wa chithunzichi. Munthu amene wazama pa ntchito ya manja, kaya kusoka, kaya kuluka, amaona bwino chimene chili pakati pa zala zake, koma zina zonse zimamutalikira n'kukhala ngati utsi, ndipo maganizo amapita kwina. Redon sanajambule chipinda chimene mayiyo anakhalamo. Anajambula mmene chipinda chimaonekera kwa munthu amene wachiiwala.

Chachitatu n'chakuti sakukuyang'anani. Zithunzi zambiri za anthu olemera zimajambulidwa kuti mwini wake akupenyeni m'maso, muone mphete, muone mpando, mudziwe kuti ndi ndani. Apa woonera ali ngati munthu amene wafika pakhomo n'kupeza mwini nyumba ali m'maganizo, ndiye waima kaye osaodira. Maso oweramawo ndi achibale a maso otseka a 1890 aja. Kajambulidwe ka cham'mbali n'kakale, ojambula a ku Italy a zaka za m'ma 1400 ankakakonda, ndipo ku Louvre kuli chithunzi cha Pisanello cha mtsikana wa banja lachifumu atayang'ana kumbali, kumbuyo kwake kuli maluwa ndi agulugufe. Koma maluwa a Pisanello ali pa chitsamba, ndipo mungathe kuwatchula mayina. A Redon alibe pomera.

Zimenezi zinafika pachimake m'chithunzi cha Violette Heymann cha 1910, chimene chili ku Cleveland Museum of Art ku Ohio. Mtsikanayo anali wachibale wa Marcel Kapferer, mmodzi mwa ogula zithunzi a ku Paris. Pepala lake ndi lalikulu m'lifupi kuposa m'litali, zimene sizichitikachitika pa chithunzi cha munthu mmodzi, ndipo mtsikanayo sanaikidwe pakati. Wakhala cha kumbali, wayang'ana malo aakulu otsalawo, ndipo malowo adzaza ndi maluwa oyandama opanda mphika, opanda nthaka. Pali a buluu, a pepo, ena owala ngati golide. Dzina lakuti Violette m'Chifalansa ndi dzina la duwa komanso la mtundu wa pepo, ndipo n'kosavuta kuona kuti wojambulayo ankasewera nalo. Nkhope ya mtsikanayo siikumwetulira ndipo siikudandaula. Mukabisa maluwawo ndi dzanja, mutsala ndi mtsikana wodekha amene watopa pang'ono ndi kukhala malo amodzi. Mukachotsa dzanjalo, nkhope yomweyo ikuoneka ngati ya munthu amene akuona zinthu zokongola m'kati mwake. Nkhope sinasinthe. Ntchito yonse yagwiridwa ndi mitundu yomuzungulira, ngati mmene nyimbo yoimbidwa chapansipansi imasinthira mmene mukumvera mawu a munthu amene akulankhula.

Kodi chithunzi choterechi n'chachimwemwe? Ambiri amayankha msanga kuti inde, poona kuwala kwake. Ine ndimaona kuti yankho limenelo n'losakwanira. Mitundu ndi yachikondwerero, koma munthu ali yekha, ndipo palibe njira yoti mumufikire. Kusungulumwa kwa kangaude wolira uja kudakalipo, kungoti tsopano sikukupweteka. Mwana amene anatumizidwa kumunda anakula n'kukhala nkhalamba yodziwa kuti kukhala wekha m'maganizo si chilango nthawi zonse, ndipo anthu amene ankawajambula ankawapatsa ulemu umenewo, wowasiya ndi zamumtima mwawo.

Tisabise kuti si zonse za m'zaka zimenezi zili zamphamvu chimodzimodzi. Maluwa a m'miphika ankagulidwa kwambiri, Redon ankafuna ndalama atataya munda uja, ndipo anajambula ambiri. Ena mwa iwo ndi okoma m'maso basi, ngati tiyi wothira shuga wambiri. Palinso zithunzi zina za anthu zimene nkhope yake inauma, ngati yodulidwa kwina n'kumatidwa pa maluwa. Anzake ena akale, amene anamukondera zilombo zakuda zija, anaona ngati wawathawa, ndipo ubwenzi wake ndi Huysmans unazirala. Koma achinyamata ojambula anamuona mosiyana. Pierre Bonnard, Édouard Vuillard ndi Maurice Denis ankamulemekeza ngati kholo, ndipo m'chithunzi cha Denis cha 1900 cholemekeza Cézanne, gulu lonse laima motembenukira kwa Redon, nkhalamba ya ndevu imene ili kumapeto. Henri Matisse, amene posakhalitsa anadzadabwitsa Paris ndi mitundu yolusa, anagula ntchito zake. Chimene onsewa anatengapo n'chakuti mtundu sukakamizidwa kumvera chinthu chimene wapakidwapo. Thambo lingakhale lachikasu ngati chithunzicho chikufuna choncho.

Ulemu wa boma unabwera mochedwa, monga zinthu zake zonse. Mu 1903 analandira mendulo ya Légion d'honneur. Mu 1904 boma linagula Les Yeux clos, ndipo chionetsero cha Salon d'Automne chinamupatsa chipinda chakechake. Anayambanso kulandira ntchito zokongoletsa makoma: chipinda chodyera cha Robert de Domecy ku Burgundy mu 1900 ndi 1901, kenaka laibulale ya ku Fontfroide, nyumba yakale ya amonke kumwera kwa France imene mnzake Gustave Fayet anagula. Kumeneko, mu 1910 ndi 1911, anajambula zithunzi ziwiri zazikulu zoyang'anizana, china cha Usana, chodzaza ndi chikasu ndi akavalo a dzuwa, china cha Usiku. M'cha Usikucho anabwezeramo timitu touluka ta m'zaka zake zakuda, koma tsopano tili ndi nkhope za anthu a m'nyumbamo ndi anzake, ndipo palibe choopsa. Mu 1913 André Mellerio anasindikiza kaundula wa zodinda zake zonse, ndipo chaka chomwecho zithunzi zake zinawoloka nyanja kupita ku chionetsero chachikulu cha Armory Show ku New York, kumene anthu a ku America anazigula mwachidwi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, Arï anaitanidwa ku usilikali. Bambo amene anaika kale m'manda mwana mmodzi anakhala zaka ziwiri zomaliza za moyo wake akudikira makalata a mwana yekhayo amene anatsala. Anamwalira ku Paris pa 6 Julayi 1916 ali ndi zaka 76, nkhondo ili m'kati, ndipo anaikidwa ku Bièvres, kamudzi ka kufupi ndi Paris kumene banjali linali ndi nyumba. Arï anabwerako wamoyo. Zolemba za bambo ake za tsiku ndi tsiku zinasindikizidwa mu 1922 m'buku lotchedwa À soi-même, ndipo patapita zaka zambiri zithunzi zimene zinatsala m'banjamo, Arï ndi mkazi wake anazisiyira dziko la France. Zambiri zili ku Musée d'Orsay.

Amene angafune kuona zithunzi ziwiri tafotokozazi angazipeze pa intaneti, chifukwa nyumba za ku New York ndi ku Cleveland zinaziika poyera kwaulere. Ndi bwino kuzikulitsa mpaka muone timizere ta choko ndi malo amene pepala latsala losapakidwa, ngakhale galasi la foni silingaonetse kukhakhala kwa ufawo. Ngakhale amene amafika kumaloko sikuti nthawi zonse amazipeza pakhoma. Ufa wa pastel sugwira pepala kwenikweni, umangokhalapo, moti kugwedeza chithunzi mwamphamvu kumauyoyola, ndipo kuwala kwambiri kumawononga pepala ndi mitundu ina. N'chifukwa chake osamalira zithunzi amaziika kuseri kwa galasi, m'zipinda za nyale zochepa mphamvu, ndipo akazionetsa kwa miyezi ingapo amazibwezera m'mabokosi otsekeka kuti zikapume mumdima.